Bokosi Lomwe Sitinatsegule

Malomo, Ntchisi
14 Julaye 2024

Okondedwa akulu anga a Lidia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa, nkhungu ikumakhala m'phirimu mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndapatsira a Husseni a pagolosale, amene akubwera kumeneko kudzaoda katundu, chifukwa nkhaniyi si ya pafoni. Ndinakuimbirani kawiri mawu n'kukana kutuluka, n'chifukwa chake munangomva ndikufunsa za nyengo ngati wopepera. Ngati muli kuntchito, pindani kaye pepalali mukawerengere kunyumba mutakhala pansi.

Munanena kuti mukufuna kutumiza simenti yomangira chiliza cha Abigail. Musatumize.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Mukudziwa kuti ndine mlembi wa komiti yoteteza ana m'mudzi muno. Mukukumbukanso kuti mutangochoka, alongo athu a Kalebe, poti ndiwo eni mbumba ndipo mwanayo munamusiya pakhomo pawo, anafuna kumukwatitsa kwa bambo wina wa fodya wa kuseri kwa phiri. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu! Ndinalemba fomu n'kuitumiza ku boma, ndipo mayi Roza a ku ofesi yoona za ana anabwera pa njinga yamoto kudzawachenjeza. Alongo anavula chipewa, anapepesa, nkhani inaoneka ngati yatha. Ine ndinkadzitamandira mumtima kuti ndapulumutsa mwana wa mkulu wanga.

Kenako kunabwera kolera uja. Tsiku lina m'mawa tinangomva kuti Abigail watsegula m'mimba ndipo alongo amuthamangitsira ku msasa wa odwala kolera cha ku Dowa. Patapita masiku awiri kunafika ngolo, itanyamula bokosi lokhomeratu misomali. Pambali pake pankayenda amuna awiri achilendo ovala majombo, atamanga nsalu pamphuno, akupopera klorini. Anati a zaumoyo aletsa kutsegula, aletsa kusambitsa, aletsa kugona pasiwa. Masiku amenewo zinkachitika choncho paliponse, nanga akanatsutsa ndani? Nkhope yake sitinaione. Tinaimba nyimbo imodzi titaima patali, adzukulu okumba manda anakwirira mwachangu, tinabalalika.

Mawa lake ndinalemba pafomu kuti mwana wamwalira, nkhani yatsekedwa, ndipo ndinasainira. Msewu unali utaduka ndi mvula, ndiye mayi Roza anangoimba foni kundifunsa ngati ndinaona pepala la kuchipatala. Ndinati ndaliona. Akulu anga, sindinalione. Ndinachita manyazi kupempha pepala kwa mlongo wanga maso ake ali ofiira ndi kulira. Ku boma amadalira maso athu ife a m'mudzi, ndipo dzina la mwana wanu analichotsa pakati pa amoyo chifukwa cha mawu anga.

Mvula itatha, a Manesi, aneba athu aja, ndi anzawo anapita kukatola nkhuni kuseri kwa phiri. Anabwerako akuthamanga, opanda nkhuni. Atapezako mpweya ananena kuti pachigafa cha bambo wa fodya uja aona mtsikana akusoka fodya, ndipo atawaona anaimirira n'kuwaitana aliyense dzina lake. Patapita miyezi ena anamuonanso akuthirira nazale kudimba. Mudzi wonse unamvana chimodzi, kuti Abigail anasandutsidwa ndondocha, uja munthu amene amaphedwa m'matsenga kuti azilimira wolemera, abale n'kuika m'manda thunthu la nthochi. Fodya wa bamboyo anachita bwino chaka chimenecho, ndiye anthu anati umboni ndi umenewo. Njira ya kumeneko inamera udzu.

Komiti yathu inakhalapo pansi, musaganize kuti sitinakambirane. Apampando anatenga fomu n'kuiwerenga mokweza. Anati pali malo olembapo mwana womenyedwa, mwana wokwatitsidwa, mwana wosiyitsidwa sukulu, koma palibe malo a mwana wakufa amene akulima. Anatinso boma silidziwa za ufiti, tikapita nazo akatiseka, mwinanso kutimanga kuti tikunamizira munthu. Ine, poti ndine wa Mvano, ndinati tisiye kukamba za Satana, ndipo ndinatseka msonkhano ndi pemphero. Chaka chathunthu chinatha choncho, inu ndikumakuuzani kuti kumanda ndikumalambula.

Mwezi wathawu ndinapita kukafuna mbewu ya kachewere, ndipo pofuna kudula mtunda ndinadzera njira ija. Inali cha m'ma teni koloko, koma nkhungu inali yoti munthu suona ngakhale mtengo uli patsogolo pako. Nditatsikira kumtsinje ndinamva ndowa ikulira, kwee, kwee. M'nkhungumo munatuluka munthu wovala juzi yobiriwira, ija munatumiza pa Khirisimasi, manja ake atafupika. Atandizindikira sanandiitane. Anatula ndowa, anapatukira m'udzu, n'kutembenuka kuyang'ana kumbali, kudikira kuti ndidutse. Anali ataphunzira kuti anthu akwawo amaopa nkhope yake.

Ndinathawa. Ine mlembi wa komiti, ine wa Mvano, ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, silipasi imodzi kutsala m'matope. Ndinakaima pa mabulugamu. Kumbuyo kunali zii. Kenako ndinamva kutsokomola, chifuwa chenicheni cha chisanu, chija ankadwala chaka chilichonse ali mwana. Ndinadzifunsa kuti kodi wakufa amadwalanso chifuwa? Ndinabwerera pang'onopang'ono, ndikunena Salimo mosokoneza mavesi, ndipo ndinamugwira pamkono. Unali wofunda.

Iye anafuna kuuchotsa mkonowo. Anati, "Amayi aang'ono, musandigwire, mungadwale. Ine ndinafa."

Tinakhala pamwala, anandifotokozera motsitsa mawu. Sanadwalepo kolera. Amalume ake anamupatsa tiyi, anagona tulo tolemera, n'kudzuka ali m'nyumba ya bamboyo. Anamuuza kuti kwanu anakuika kale, ukabwerera akakugenda. Poyamba sanakhulupirire, koma aliyense amene ankamuitana ankathawa akukuwa. Tsiku lina anazemba masana n'kuyenda mpaka m'mphepete mwa manda athu. Anaona mtumbira watsopano, mtanda wolembedwa dzina lake, ndi kapu yake ya pulasitiki yomwe ine ndemwe ndinaiika pamwamba. Anati atawerenga tsiku lomwalira anaona kuti palibe chotsutsa, ndipo anabwerera yekha kukasoka fodya. Zina zimene wakumana nazo m'nyumba imeneyo mudzamva pakamwa pake, ine dzanja likukana kulemba.

Ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira n'kuimbira mayi Roza. Ndinaulula zonse, ndi bodza la pepala lomwe. Iwo anangofunsa kuti galimoto ingafike pati. Mkuja wake anabwera ndi apolisi. Bamboyo ali m'chitokosi, alongo athu anathawa ndipo sakudziwika komwe ali. Abigail ali ku boma, m'nyumba yosungirako ana otere, akumwa mankhwala a chifuwa. Manda aja apolisi akuti adzafukula khoti likalola. Chimene chili m'bokosimo sindikuchidziwa. Adzukulu akuti linkalemera, ndipo silinkagubuduka ngati muli miyala. Amuna awiri a majombo aja palibe amene akuwadziwa.

Mwina mukuganiza kuti basi zatha bwino. Ayi, akulu. Mayi Roza akuti nyumba imeneyo ndi yongodikirirako, mwana ayenera kubwerera kwa abale ake. Anaitanitsa mudzi wonse pabwalo la sukulu n'kufunsa amene amulandire. Anthu onse maso pansi. Mayi Roza anafotokoza kuti mwanayo sanafe, anabedwa, ndipo anthu anagwedeza mitu mwaulemu, koma atangochoka a Manesi ananena kuti iwo sangatunge naye madzi pamjigo umodzi. Aja timaimba pamisonkhano kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tsiku limenelo panalibe amene anadzipereka. Bambo a kunyumba kwanga anandiuza kuti mwanayo akalowa pakhomo lino iwo atuluka.

Ndisanamizire anthu okha. Ine ndimapita kukamuona Lachisanu lililonse, ndimamutengera mbatata yootcha, timacheza. Koma tikakhala padzuwa maso anga amathawira pansi kukaona ngati ali ndi chithunzithunzi. Ali nacho, ndachiona kangapo, komabe ndimayang'ananso. Iye amandiona ndikuchita zimenezo. Zimandichititsa manyazi mpaka ndimalira m'minibasi pobwerera.

Ndiye pempho langa ndi ili: bwerani. Ndikudziwa kuti mapepala anu sali bwino, kuti mukatuluka mwina simudzalowanso, ndipo ntchito mwaivutikira zaka zitatu idzapita. Ndikudziwanso kuti mwanayu munamulira kale nokhanokha m'dziko la eni, ndipo ine ndikukutsegulani bala. Mukandikwiyira muli ndi chifukwa, mudzanditukwane pamaso ndidzamva. Mutenge buku lake la kusikelo lomwe munapita nalo, akulifuna kuti amulembenso m'kaundula. Fomu ine ndalemba yatsopano, koma fomu singamulowetse m'nyumba.

Dzana nditanyamuka kuti ndizipita, anandiperekeza mpaka pageti. Anali asanafunsepo za inu chimupezereni. Anagwira waya wa mpanda, osandiyang'ana, n'kuti, "Kodi amayi akadzandiona, nawonso adzathawa?"

Ndinakuyankhirani. Ndinati simudzathawa.

Ana anga onse akupereka moni, amayi a Mvano akukukumbukirani m'mapemphero. Moni wa Abigail mulibe m'kalata muno. Ndinamufunsa kuti ndikulembereni chiyani, iye anati ndisalembe kanthu, mungachite mantha muli nokha kutali. Akuti adzakupatsani yekha moniwo mukadzafika, ndipo adzaima patali mpaka inu mutamuitana.

Ndine mng'ono wanu,
Tabita