Galu Wathu Wavala za Mvano

Amake Tafara,

Pepani, ndathamangira ku tchalitchi ku Sakubva, abusa andiitanitsa. Paja ndinauza AI ya pafoni kuti ijambule galu wathu Bhoki atatchena, kuti anthu azionera mavidiyo athu pa intaneti. Ndiye yamuveka bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, ndendende yunifolomu yanu ya Mvano! Ine ndinangochiika chithunzicho osayang'anitsitsa. Pano amayi a mpingo akutumizirana, ati munamuveka ndinu. Mutu wanga waima, makinawo zovalazo anazionera kuti?

Mai Dinna, mtsogoleri wa Mvano, akabwera musatsegule geti, akalipa kale pafoni. Bhoki musamumenye, sakudziwa kanthu.

Koma owonera akwana zikwi zitatu, ife tinazolowera khumi. Ndifufute kodi?

Ndine wanu,
Gervazio