Mapilitsi a Galu wa Yosefe

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Mawondo aja anakulekani mutafika?

Ndine Esinati wanu. Musadabwe kuona kalata, sikuti ndaphunzira kulemba ku ukalamba kuno ayi. Akulemba ndi Abiti Saidi, mayi osoka zovala amene tinayandikana nawo nyumba. Ine ndikungolankhula, iwo cholembera chili m'manja. Takhala pakhonde pawo chifukwa kwathu salowako. Kuli galu, ndipo iwo ndi Asilamu. Galu ameneyo ndiye wandilembetsa kalatayi, koma ndiyambe ndakuuzani za anthu.

Bambo a Yosefe anakutsatirani, ino ndi mvula yachisanu ndi chimodzi. Munkati ndi aulesi, komatu anandisunga mpaka tsiku lawo. Mukakumana nawo musawayambe. Mdzukulu wanga Felesiya wachira ku Chinsapo, mwana wamkazi. Wabadwa wochepa kwambiri, koma akuyamwa. Munda uja tinkabwereka ku Njewa anaudula mapuloti, pamene ndinkabzala maungu pano pali chimbudzi cha munthu. Chaka chino sindinakolole ngakhale chitsononkho. Kwathu ku Dowa nyumba yanu inagwa, ndipo pamalopo ana a malume analimapo fodya. Ndinapitako ku maliro chaka chatha. Anandiyalira mphasa bwinobwino, nkundifunsa kuti ndibwerera liti ku tauni. Ndiye kumeneko mudziwe kuti kulibenso kwathu.

Yosefe, mdzukulu wanu uja munkamutafunira mbatata, ali ku Joni. Anapita kalekale, ali ndi mkazi ndi ana komweko. Anamanga nyumba kuno ku Area 25. Malo ake ndi otero, Amayi, alibe dzina, ali ndi nambala. Nyumba yaikulu, mpanda wa njerwa, geti yachitsulo. Yaikuluyo ndi yokhoma, makiyi ali ndi mwini wake. Ine ndimagona m'kanyumba ka kuseri, kamene amamangira antchito. Sindikudandaula, sikadontha. Galu amalondera nyumba, ine ndimasunga galu. Tinagawana choncho.

Dzina lake ndi Tayiga. Si agalu athu aja a nthiti pamtunda opita nawo kosaka. Uyu mutu wake ngati mtondo, akaima amandifika m'chiuno. Yosefe anabwera naye kuchokera ku Joni ali kamwana. Poyamba ndinkamuphikira madeya, nkuwazamo bonya, iye nkumadya mpaka kunyambita mbale. Tsiku lina Yosefe anaona. Mafoni a masiku ano munthu amakuona uli kuno iye ali ku Joni. Anakalipa, amvekere madeya ndi a nkhumba, galu ameneyu ali ndi chakudya chakechake cha m'matumba.

Ndiye anandituma ku shopu ya m'tauni. Amayi, mukanaona. Mzere wonse, kuyambira apa mpaka uko, zakudya za agalu zokhazokha. Mtsikana wogulitsa anayamba kundifunsa kuti galuyo ali ndi zaka zingati, amalemera bwanji, m'mimba mumamuvuta kapena ayi, ubweya ukuthothoka kapena ayi. Ine chibadwire palibe anandifunsapo mafunso ambiri chotero za thupi langa. Anandionetsa thumba lachikasu, akuti la tiana. Lofiira la agalu amphamvu. Lobiriwira la okalamba. Lina akuti ndi la agalu amene anenepa kwambiri, kuti achepeko thupi. Pamenepo ndinaseka. Mtsikanayo sanaseke.

Poti zolembazo sindiziona, ndinasankha thumba limene galu wa pachithunzi anafanana ndi Tayiga. Kufika nalo kunyumba, m'kati muli timibulu touma ngati manyi a mbuzi. Galu anatsegula m'mimba masiku atatu, ine ndiye wokolopa. Kuyambira pamenepo Yosefe amatumiza chithunzi cha thumba pa foni, ine nkukangomuonetsa mtsikana uja osalankhula kanthu.

Palinso zina zoti azingotafuna. Makutu a nkhumba oumitsa, ziboda za ng'ombe, ndi chikopa chopota ngati fupa. Akuti zimatsuka mano, komanso kuti galu asamasungulumwe. Nditagwira chikopacho ndinakumbuka chaka cha njala chija, mmene munawaula chikopa cha mbuzi chimene Atate ankakhalira, nkuchiphika tsiku lonse. Tinkatafuna osameza, inu nkumati, "Tafunani, m'kamwa mukamayenda mimba imakhulupirira." Lero chikopa chili m'pepala lowala, cha galu.

Zonsezo ndinazolowera. Galuyo ndinamukonda, ndisaname. Munthu ukamakhala wekha mumpanda umalankhula ndi chimene chilipo.

Koma agalu amakalamba msanga. Chaka chino Tayiga anayamba kuvutika podzuka. Miyendo yakumbuyo imachita ngati si yake. Yosefe anaitanitsa dokotala wa ziweto, anabwera pa njinga yamoto. Anagwada pansi mwamuna ameneyo, buluku lake labwinobwino, nkumapinda mawondo a galu limodzilimodzi, pang'onopang'ono, uku akumunyengerera. Ine ndili chiimire pambali, nditatsamira ndodo yanga. Anati ndi nyamakazi. Sipanathe milungu iwiri, dalaivala wa basi ya ku Joni anabweretsa botolo lalikulu loyera, pali chithunzi cha galu akudumpha. Akuti mapilitsi olimbitsa mfundo za mafupa. Awiri m'mawa uliwonse.

Amayi, mawondo anu aja munandisiyira ine. Amatupa, amatentha, ndikamayenda amalira ngati chitseko. Kuchipatala ndinapitako kangapo. Umakhala pamzere kuyambira m'mawa, ukalowa sakugwira nkomwe, amangoti ndi ukalamba agogo, nkukupatsa timapilitsi ta mutu.

Ndiye kunabwera kuzizira kwa mwezi wa Juni. Tsiku limenelo ndinalephera kudzuka pamphasa. Ndinachita kukwawa mpaka pakhomo, dzuwa litatuluka kale, galu akudikira chakudya. Ndinatsegula botolo, mapilitsi awiri ali m'dzanja langa. Amanunkhira ngati chiwindi chootcha. Ndinayang'ana miyendo ya Tayiga, ndinayang'ana yanga. Matenda ake amodzi omwewo, dokotala ananena yekha. Limodzi ndinamupatsa iye, limodzi ndinameza ine.

Ndinati ndi lero lokha. Mawa lake ndinachitanso. Pofika mlungu wachiwiri, onse awiri ankapita kwa ine.

Kaya ndi mankhwalawo, kaya ndi mtima chabe, ine sindidziwa, koma ndinayamba kuyenda. Ndinafika ku msika wapansi. Ku tchalitchi ndinagwada nawo, nkudzuka ndekha osagwira benchi. Amayi anzanga ankati Ambuye andikhudza, ine nkumavomera kuti ame. Botolo litatha Yosefe anatumiza lina, nalonso linalowa mwa ine. Ili ndi lachitatu.

Uku Tayiga akutha. Anasiya kufika pageti. Munthu akagogoda amauwa ali chigonere. Kenako anayamba kudzikodzera pomwe wagonapo, galu amene kale sankaipitsa ngakhale pakhonde. Ndikamamusambitsa amandinyambita dzanja, dzanja lomwelo. Ndinkamuonjezera makutu a nkhumba kuti mtima wanga ukhale pansi. Iye nkumangowagwira ndi miyendo yakutsogolo, osatafuna.

Yosefe amaimba Lamulungu lililonse masana. Lamulungu lina anati ndimuonetse galu. Ndinalozetsa foni kwa Tayiga. Anamuitana dzina, galu anagwedeza mchira, anayesa kudzuka, nkugwa chammbali. Mwana wanga anafunsa ngati mapilitsi ndikumupatsa. Ndinati eya, awiri m'mawa uliwonse, sindinaphonyepo.

Ndiye anati basi, ndiye kuti mankhwalawo sakugwira, palibe chifukwa chotumiziranso ena. Anati galu asazunzike, amuuza dokotala abwere Lachisanu adzamubaye jakisoni wogonetsa osadzukanso. Anapitiriza kuti popanda galu sangandisiye ndekha mumpanda muno, akuba angandiphe. Nyumba aikamo anthu a lendi okhala ndi mlonda wawo, ndipo mlondayo adzafuna kanyumba ka kuseri. Ine ndikapume kumudzi. Ananena mwaulemu, Amayi, ngati akundipatsa mphatso. Iye kumudziko anapitako komaliza pa maliro anu.

Lolemba ndinabwera pakhonde lino ndi botolo, ndinawauza Abiti zonse. Botololo sanaligwire, ndinachita kuwagwirira ine kuti awerenge. Poyamba anaseka mpaka kugwetsa sizasi, amvekere, "Ndiye Anabanda, kuuwa muyamba liti, tidziwiretu?" Nanenso ndinaseka, misozi ili mbwembwembwe. Atatha kuseka anandiyang'ana nkunena kuti ndakhala ndikumeza nyumba yanga, awiri m'mawa uliwonse. Anati njira ndi imodzi, ndimuuze mwanayo zoona, chifukwa akadziwa kuti galu sanamwe mankhwala mwina aimitsa jakisoni.

Ndinati mayi amayamba bwanji kuuza mwana wake kuti ndinabera galu wako? Inu munandikwapula ndi nthambi ya bulugamu chifukwa cha mtedza wodzaza dzanja limodzi wa kwa azakhali. Munati wakuba ndi wakuba ngakhale atabera nkhuku. Ndinakhala nazo Lolemba lonse ndi Lachiwiri lonse. Ndikakhala chete, galu afa ndi bodza langa, ine nkupita kokhala pamphasa ya alendo ku Dowa. Ndikanena, mwana amene ndinamubereka adziwa kuti mayi ake amadya za galu.

Lachitatu masana Abiti anandiimbira foniyo, ine manambala sindiwadziwa. Anayankha ali kuntchito.

Ndinati, "Yosefe, galu wako sanamwe mankhwala chiyambire Juni. Ndamwa ndine."

Ndinkangomva magalimoto a ku Joni akudutsa.

"Mwamwa inuyo? A galu?"

"Mawondo, mwana wanga."

"Nanga bwanji osandiuza kuti mukudwala?"

Ndinati, "Ukaimba umati ndikuonetse Tayiga. Ine ndimakhala kuseri kwa foni."

Sindinanene mokalipa, Abiti ndi mboni. Ndinangonena mmene zimakhalira. Ndinamumva akupuma, kawiri, katatu. Kenako foni inaduka.

Lachisanu ndinasesa pabwalo, ndinamusambitsa Tayiga, ndinamuyalira thumba loyera. Ndinati ngati akufa afe ali waukhondo. Ndinakhala pageti kuyambira m'mawa, nkumasuzumira njinga yamoto iliyonse yodutsa. Dzuwa linapendeka, linalowa. Dokotala sanabwere.

Ndiye apa papita Malamulungu awiri, foni siinalire. Kaya ndi manyazi, kaya ndi mkwiyo, sindikudziwa. Za anthu a lendi sindinamvenso. Botolo lina silinabwere. Abiti akuti timuimbirenso, ine ndakana. Ndinanena kale zanga, zatsala ndi zake.

Mapilitsi otsalawo onse akupita kwa mwini wake. Ndimamutsegula kukamwa, kuwaika pa lilime, nkumugwira mpaka ameze. Dzulo anaimirira yekha, anayenda mpaka pa mpopi, nkugona pomwepo. Si patali, mwina mapazi asanu. Mawondo anga ndiye abwerera mwakale, mwinanso kuposa. Mbale yake ndimaikankha pansi uku ndikukhwekhwereza thupi. Kuti ndifike pakhonde lino lero, nyumba yoyandikana nayo, ndapuma katatu. Botolo ndikaligwedeza likumveka kuti latsala pang'ono. Likatha sindidziwa kuti woyamba kugonja adzakhala ndani, iye kapena ine.

Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga, ndikukudziwani. Ndimangofuna mumve kwa ine mwini, musadzamve kwa ena obwera kumeneko. Ndinalibe wamkulu wina womuuza. Akuluakulu onse muli uko, kuno wamkulu ndatsala ine, ndipo mwaona mmene ndauchitira ukuluwo.

Ndikukulonjezani ziwiri. Botolo limenelo sindidzalawanso, ngakhale mawondo atachita kuphulika. Ndipo Yosefe akadzaimba, kaya ndi Lamulungu lino kaya ndi la chaka chamawa, akadzati ndimuonetse galu, ndidzayamba ndalozetsa foni kumaso kwanga. Aone kaye mmene ndakalambira, galuyo amuone pambuyo.

Mundiperekere moni kwa Atate ndi kwa bambo a Yosefe. Iwowo za galuzi musawauze.

Ndimakukondanibe monga kale, Amayi, ndipo ndimakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esinati