Chipinda Chosowa M'phanga Lachinayi

Lolemba, 3 Malichi

Mayi Finyani a kuchipatala abweranso. Dzina lawo lenileni ndinaliiwala, chimene ndimamva akamapatsa ababa kampira kolimbitsira dzanja ndi "finyani, finyani" basi. Lero ababa kampirako akaponya kunsi kwa sofa ndi dzanja lamanzere, labwinolo. Potuluka mayiwo andikokera pakhomo: dzanja lamanja likapanda kugwira ntchito mwezi uno, zala ziuma, ndiye kwatha.

Mwezi wachitatu uno chiwagwereni sitiroko. Munthu anayeza malo zaka makumi atatu, lero pensulo safuna n'kuyiona komwe. Ndakalirira kubafa, ndatuluka ngati palibe kanthu.

Achimwene anasiya gemu pa TV, ati isangalatse mdala. Mdala wake kuti? Ndikusewera ndine.

Lachiwiri, 4 Malichi

Gemuyi ndi yatsopano koma anaipanga dala ngati zakale: zithunzi za timabokosi, nyimbo ya tii-tii ngati foni yanga yoyamba. Uli m'phanga la makoma anjerwa, ukuona kutsogolo kokha. Ukadina kamodzi, phazi limodzi. Muuni umazima pakatha mapazi mazana awiri. Mitima ndi itatu, ikatha umabwerera pachitsime pamene unamwa madzi komaliza. Mapu mulibe! Makoma onse ofanana. Chimunthu cha mafupa okhaokha chandipha kanayi pakona imodzimodzi, ndipo chimaseka.

Ababa ati sakuonera. Koma nditalowa njira yolakwika kachitatu ndamva tsonyo kuchokera pampando wawo.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndagula kope lamasamu, la timabokosi lija, ndikujambula njira ndekha. Mapanga atatu ndadutsa, chimafupa chija ndachiphwanya. Ndavina pabalaza ndekhandekha.

Ndiye ababa, osafunsidwa ndi munthu: "Kumpoto kuli kuti?" Mawu akutuluka mokoka koma omveka. Ati mapu opanda muvi wakumpoto ndi zokhwatchakhwatcha chabe. Ine ndi pakamwa pangapa: "Ndiye jambulani nokha." Atembenukira kukhoma. Chakudya chamasana sanadye. Ndidzaphunzira liti kutseka pakamwa?

Lachisanu, 7 Malichi

Phanga lachinayi. Chitseko chachitsulo, kiyi sakuoneka. Ndafa kasanu ndi kawiri. Ababa akadali chotembenukira kukhoma.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinaika kope pa katebulo pafupi ndi mpando wawo ngati ndaiwala. Pobwera kuchokera kochapa ndawapeza aliweramira, nkhope itachita tsinya.

"Mapu akowa sakutsekeka."

Ati kuntchito kwawo ukayeza malo umazungulira mpaka kubwerera pachikhomo chimene unayambira. Pepala likapanda kukubwezera pomwepo, walakwitsa, yambiranso. Pa TV ndimabwereradi pachitsime, koma pakope ndimathera mabokosi anayi kumbali.

Tayambiranso. Ine kudina, kuwerenga mokweza, iwo kumvetsera maso ali gwa. Pakona yachiwiri: "Ima!" Kani ndikadina potembenuka ndimawerenganso ngati phazi, chonsecho munthu wangozungulira pamalo pomwepo. Manyazi! Aseka mpaka kutsokomola, kukamwa kutapendekeka choncho. Chiwagwereni matendawa ndinali ndisanamve kuseka kumeneku.

Alamu, akazi a achimwene, atipeza tikukuwa manambala, afunsa ngati m'nyumba muno muli bwinobwino. Tawauza akhale chete, atisokoneza.

Lamulungu, 9 Malichi

Lero! Ndilembe bwinobwino ndisaiwale kanthu.

Mapu atsekeka. Ndipo pakati penipeni patsala malo oyera, mabokosi atatu uku atatu uku, makoma mbali zonse. Ine ndati ndi mwala chabe. Ababa apukusa mutu: "Malo sasowa. Muli chipinda." Ati khomo lilipo lobisika, aliona kale chifukwa cha kanjira kena kamene kamangothera pakhoma popanda chifukwa.

Kanjira kati? Mawu awathawa. Akulozera ndi chibwano, ine kuloza apa, ayi, apa, ayi. Kunena zoona kanjirako ndinakaona kachiwiri komwe. Ndinangopitiriza kuphonya dala, Mulungu andikhululukire.

"Bweretsa lula," atero mokwiya.

Ndathamangira kudilowa yawo. Lula yakuntchito ija, manambala ake ofufutika m'mphepete. Aigoneka pakope, aipsinja ndi dzanja lamanzere monga anachitira zaka zonse zija. Kenako ayang'ana pensulo. Dzanja labwino latanganidwa, ndipo ababa mzere wopanda lula sajambula, ngakhale pa envelopu. Ine manja ndawabisa kumbuyo, maso pa TV.

Ndinkaopa kuti aponya zonse pansi ngati kampira kaja.

Dzanja lamanja lanyamuka pabondo. Pensulo yagwa. Ndaitola, ndawapatsa. Yagwanso. Kachitatu aipana pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, thukuta lili kamukamu pamphumi, n'kuikoka m'mbali mwa lula. Kamzere kakafupi ngati chikhadabo, kotuwa. Kowongoka!

"Apo. Kankha."

Muuni unatsala mapazi khumi ndi awiri, mtima umodzi. Ndayenda kanjira kaja mpaka mphuno pakhoma, ndadina kutsogolo. Khoma landimeza. Chipinda! Mabokosi atatu uku atatu uku, ndendende, kiyi ali ngwee pakati. Ndakuwa mpaka aneba kugogoda. Ndawakumbatira ababa, misozi mbwee, iwo n'kumati, "Samala kope, ulipinda."

Ndaimbira achimwene. Akufunsa za kiyi. Kiyi wachani, ndikunena za dzanja!

Lolemba, 10 Malichi

M'phanga lachisanu muli mileme ndi pansi pobooka. Ndafa kawiri, zilibe kanthu. Kope landichoka, ndine wodina ndi kuwerenga basi. Mizere isanu ndi umodzi m'mawa wokha, iwiri afufuta okha ati ndi yonyansa. Dzanja likutopa msanga, tikumapuma.

Mayi Finyani alowa tili pakati, kampira kali m'manja. Aima pakhomo, ayang'ana zala zili pa pensulo, ayang'ana ine. Asanatsegule pakamwa, ababa osadzutsa n'komwe mutu:

"Kampirako finyani inu kaye, mayi. Iwe, mapazi angati kufika pakona?"