Alamu ya Mabowo Opanda Waya

Lolemba, 3 Febuluwale

Nthawi ya nkhomaliro, pa desiki. Foni kulira ngati mwana wa njala. Kontirola, makina oyang'anira netiweki yathu yonse, akunditumizira alamu pa bowo lililonse la siwichi, bokosi lolumikizira mawaya a netiweki, lomwe mulibe waya. Ati lafa. Lingafe bwanji loti silinakhalepo ndi moyo? Masiwichi atsopanowa mabowo ndi mbwee, ambiri sitinayambe n'kuwagwiritsa ntchito komwe. Ndatopa, ndatseka mawu a foni. Mtendere. Jekete yolowera m'chipinda chozizira cha maseva, makompyuta athu akuluakulu, yang'ambika kukhwapa.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mtima ukundiwawa. Dzulo masana Bambo anga ondibereka anagwa kubafa, mwendo wa sitiroko uja unawakana. Anandiimbira, kuimbanso, kuimbanso. Foni ili duu m'thumba mwangamu. Anakawadzutsa ndi mayi a nyumba yoyandikana nafe. Anangosupuka chigongono. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Galu wouwa masamba, tsiku la wakuba eni nyumba amangotembenuka pabedi."

Foni sindidzaitsekanso. Woti atseke pakamwa ndi kontirola.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Abwana poyamba kukana kwamtuwagalu. "Alamu sazimitsa, amakonza vuto." Vuto lake liti? Mandevu, mnzanga wa desiki yoyandikana, m'mawa uliwonse amadina pakompyuta kuti alamuzo taziona, pofika masana zabweranso. Kutunga madzi ndi dengu. Ndawauza abwanawo kuti sindikufuna kuzimitsa zonse, koma alamu ya mtundu umodzi wokha, pa mabowo opanda kanthu basi. Alola, koma ati ndisakhulupirire kompyuta, bowo lililonse ndikalikhudze ndi chala changa. Ndinaona ngati nkhanza.

Bambo adya bwino lero. Ayamba kugwira supuni ndi dzanja lodwala lija.

Loweruka, 8 Febuluwale

M'mawa wonse m'chipinda chozizira chija. Tochi kukamwa, zala zachita dzanzi. Ine kukhudza bowo n'kulitseka ndi kachivindikiro ka labala, Mandevu pa laputopu kuuza kontirola kuti za limeneli usatiuzenso.

Kenako chala chinagunda waya. Bowo lomwe tonse tinkaliyesa lopanda kanthu. Waya ulimo, koma wolowa theka. Kuutsatira, ndi wa njira yapadera, yomwe imanyamula netiweki yonse njira yaikulu ikaduka. Wakhala ukulira zoona pakati pa abodza kuyambira kaya liti, ife osamva. Ndinaukankha, kuti thapu, kagetsi kobiriwira kuyaka. Mandevu anati, "Wodwala weniweni anali mmodzi m'chipatala chodzaza aulesi." Tinaseka. Abwana aja nthawi zina amadziwa zinthu, ngakhale sindiwauza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Zii. Ndimachita kuiyang'ana foni ngati ili moyo. Alamu imodzi yokha chiyambire sabata, fani ya siwichi inaima, yeniyeni. Tinasintha tiyi asanazizire. Ndikusangalala, ndinene zoona. Jekete ndasoka, ulusi wosiyana mtundu, palibe amayang'ana kukhwapa. Bambo afika pageti ndi ndodo, okha. Pobwerera anapumira pa mpando wa pakhonde, akudzitama ngati apambana mpikisano.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Tili pamsonkhano ndi abwana, foni kulira. Bambo. Ndinatuluka ndikuthamanga, mtima uli m'mwamba, mpando kuugwetsa. Ati, "Palibe vuto, mayi. Ndimangoona ngati uyankha."

Ndinaima pakhonde la ofesi, misozi ili lengelenge, ndikuseka ndekha.

Masana aimbanso, magalasi awo asowa. Anali pamutu. Mandevu wamva zonse, akuti, "Imeneyotu ndi alamu yabodza, timuuze kontirola aizimitse?"

Ayi. Iyi yokha ilire mmene ikufunira. Ndi iyo yayambanso, ndiyankhe kaye