Lichero lija ndi lanu, achimwene

Cape Town
9 Julaye

Okondedwa achimwene a Fransisko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga alamu a Magadalena ndi ana akupirira bwanji ndi chisanu cha ku Mphunziko? Ine ndili bwino, kungoti kuno mvula imagwa nthawi yozizira, moti zovala siziuma. Agogo achizungu amene ndimawasamalira aja akadalipo, ndipo akadali kundiitana ndi dzina la wantchito wawo wakale.

Ndalemba papepala dala. Pafoni mukangomva kuti nkhani yafika pokhota mumati netiweki yavuta. Pepala silidula.

Alamu andiuza zonse. Akuti mwana wanga Tiwonge watha milungu iwiri osapita kusukulu, akudya payekha, ndipo anzake akamuona kuchitsime amathawa. Akuti mwana wa a Falesi, oyandikana nanu aja, anauza amake kuti Tiwonge amawakweza anzakewo lichero n'kuwaulutsa kuseri kwa phiri. Akutinso inu, atsibweni ake, amene ndinamusiya m'manja mwanu, mwavomera kuti kumapeto kwa mwezi uno kubwere munthu wopemphera adzamuululitse pagulu, ndi kuti mabuku a bambo adzatenthedwe tsiku lomwelo. Ndakwiya, achimwene, ndipo sindibisa.

Mabukuwo mukuwadziwa kuposa ine. Ndi anayi aja a Chingerezi, a zikuto zobiriwira, amene malemu bambo athu a Gervazio anapatsidwa ndi wansembe wina akadali pa uphunzitsi. Nkhani ya ana atatu amene anapita kudziko la kuseri kwa phiri kukabweza mvula yobedwa. Ine ndinali ndisanadziwe Chingerezi. Inu munali mu Sitandade 7, ndipo munkawerenga ndime n'kundimasulira titakhala pamwala kumunda wa kachewere, makasu titawataya uko. Bambo akafunsa chifukwa chake mizere sinathe, ndinu munkandiponda phazi kuti ndisanene.

Mwezi watha ndinapeza ena ofanana nawo, onse anayi, m'sitolo ya mabuku akale pafupi ndi siteshoni. Ndawawerenganso m'sitima popita ndi pobwera kuntchito, ine mayi wamkulu ndi imvi zanga ziwiri. Mnzanga wina wa ku Ntcheu anandiseka kuti ndikuwerenga za ana. Ndinamuuza kuti maso ndi anga.

Sindinama kuti ndi okoma monga ndinkawamvera kale. Buku lachitatu limatalika pachabe, ana aja amangodya ndi kukangana. Koma muli munthu wina amene sindinkamukumbukira n'komwe: mayi wa anawo, amene amatsala pakhomo osadziwa kuti ana ake akukumana ndi zotani. Inu munkamudumpha, munkati pamenepo palibe chochitika. Ulendo uno ndinalira naye mpaka kupitirira siteshoni yanga, ndipo apo n'kuti ndisanamve za Tiwonge.

Tsopano imvani chimene ndalembera. Nditamva za mlanduwu ndinatsegulanso buku lachiwiri, tsamba 41, pamene ana aja akuuluka. Sakuuluka pa lichero. Mawu a Chingerezi amene ali pamenepo amatanthauza chishango, chishango chamkuwa cha msilikali wakale. Ndawapeta mabuku onse anayi tsamba ndi tsamba, mulibe lichero ngakhale limodzi.

Lichero lija ndi lanu, achimwene. Mawuwo anakukanikani, munayang'ana chithunzi, munaona chinthu chozungulira, n'kunena molimba mtima ngati aphunzitsi aakulu kuti ndi lichero. Ine ndinameza, poti munali achimwene anga odziwa Chingerezi. Ndinakula nalo, ndinamusimbira Tiwonge ali wamng'ono, ndipo iye wasimbira anzake popita kunkhuni. Mwana wanga ndimamudziwa. Akamasimba nkhani sanena kuti anauluka, amati tinauluka, ndipo aliyense womvetsera amamuika m'nkhanimo. Khalidwe limenelo sanatengere kwa bambo ake. Inu munkandikhazika ine kutsogolo kwa licherolo, n'kumandiuza kuti ndigwiritse kuopa kugwa.

Mfiti m'mabukumo ilimo, sindikana. Ndiyo inaba mvula, ndipo ana aja ndiwo anaigonjetsa. Ndiye mwana amene amaomba m'manja kuti mfiti yagonja, ameneyo ndi amene mukumupatsa mbale yakeyake?

Chimene mukuopa ndikuchidziwa. Ndinu wapampando wa mphakati, ndipo mukuganiza kuti mukamuikira kumbuyo anthu adzati atsibweni ake ndiwo amamuphunzitsa. Akatero sadzanama kwenikweni, munamuphunzitsadi kudzera mwa ine. Koma inu ndinu bambo wamkulu, anthu adzalankhula mlungu umodzi n'kutopa. Iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Akadzamuzungulira akuluakulu n'kumukuwiza, adzavomera chilichonse kuti amusiye, ndipo dzina la ufiti silichoka ndi sopo. Lidzamutsata kusukulu, lidzamutsata pofuna banja, lidzatsata ndi ana ake omwe. Ine ndinabwera kuno kudzasambitsa agogo a eni ake kuti mwana ameneyu aphunzire, osati kuti azibisala kuseri kwa nkhokwe.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu loyamba mukalandira kalatayi, anthu akasonkhana kumphakati, a Falesi ali pomwepo, muimirire ndi buku lachiwirilo. Muwaonetse chithunzi, muwerenge ndimeyo, ndipo munene ndi pakamwa panu kuti amene anaikamo lichero ndinu, muli mnyamata woyesa nzeru pa Chingerezi. Adzakusekani, n'zoona. Kusekedwa sikupha munthu. Lolemba lake mumuperekeze Tiwonge kusukulu inu nomwe, mudutse njira yaikulu, osati yachidule ya m'dimba.

Mukakana, dziwani kuti tchuthi ndapempha kale ndipo andilola. Ndidzafika wopempherayo asanafike. Ndidzaimirira ndine, ndidzawerenga ndine, ndipo dzina lanu ndidzalitchula lonse, ndi la ubatizo lomwe. Mabukuwo mukafuna tenthani, ndili nawo ena anayi m'chikwama. Koma mwana wanga sagwada pamaso pa munthu kuulula chimene sanachite, ine ndili moyo.

Musaganize kuti ndasiya kukukondani. Pamwala paja munandipatsa chinthu chabwino, ndipo mpaka lero palibe amene anandiwerengerapo nkhani mokoma ngati inu. N'chifukwa chake zikundiwawa kuti lero mukuzikana ngati simunazionepo.

Mupereke moni kwa alamu a Magadalena, ndipo musawakalipire poti andiuza, anachita bwino. Moni kwa azakhali ku Kaphuka, kwa amalume a Zikhalo, ndi kwa ana onse. Tiwonge mumuuze kuti amake awerenganso mabuku onse, apeza kuti iye sanalakwe kanthu, ndipo kuyambira lero azidya mbale imodzi ndi anzake.

A Falesi nawonso muwapatse moni. Muwauze kuti ndikabwera ndidzabwera pabasi, ndidzatsika masana, aliyense akuona.

Ndine mlongo wanu wosagonja,
Jesinta