Ndodo ya m'dzenje la manyowa

Loweruka, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, mvula sikuoneka.

Mgolo wapulasitiki umene mwana wanga Yohane anabwera nawo kuchokera ku Chipata ndautsuka, ndizisungiramo madzi. Ati wopangira manyowa! Masangwi a mtedza anangokhalamo gwa, pansi pokha nkumanunkha.

Sabata yatha ndinabwerera ku dzenje lakale kuseri kwa khola, lija anakumba malemu amuna anga. Ndinayala monga ankachitira iwo: mapesi pansi, ndowe, phulusa pang'ono, madzi, kenaka dothi. Pakati ndinazika ndodo yawo yansungwi.

Iwo ankaizula madzulo aliwonse nkundiitana: "Amake Yohane, bwerani mudzagwire! Ikafunda ndiye kuti zayamba kuwola." Ndinkabwera ndikuseka, manja ali sopo yekhayekha. Munthu wamkulu kusangalalira ndowe!

Lero dzuwa litapendeka ndaizula ndekha. Yafunda ndithu, ngati wina wangoisiya kumene m'manja. Ndaima nayo nthawi yaitali, mbuzi zikulirira kulowa m'khola.

Kenaka ndatembenukira kunyumba, pakamwa nditatsegula kale kuti ndiitane munthu adzagwire...