Mukawauze Kuti Ndavomera, Bola Faith Apite Kuchipatala

Joni, 14 Juni

Okondedwa alongo anga a Esitere,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Kasinako pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukutupabe? Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo suli m'malo. Ndalemba papepala kuti ndijambule ndikutumizireni pafoni.

Kuno kukuzizira kuposa kwathu. Ntchito yosamalira maluwa kwa abwana ikuyenda, koma mapepala anga sanatulukebe. Ngakhale nditakwera basi lero, ndikafika patapita masiku atatu, ndipo nkhaniyi singadikire.

Ndi mwana wanga Faith. Chimfine chinamuyamba sabata yatha, mamina, kuyetsemula, kachifuwa pang'ono. Amake anachita zonse, kumufunditsa, kumumwetsa madzi ofunda a mandimu ndi uchi, kumuphikira phala lamadzimadzi. Ndine ndemwe ndinawauza kuti asavutike ndi ulendo wakuchipatala, chimfine cha mu Juni chimatha chokha. Mawu amenewo akundidya tsopano.

Dzulo anandionetsa mwanayo pafoni. Thupi latentha, phala akukana, akupuma mothamanga, ndipo akakoka mpweya pansi pa nthiti pakulowa m'kati. Ndikukumbukira anamwino akusikelo akutiuza kuti zikafika pamenepo si chimfinenso, chingakhale chibayo, mwana athamangitsidwe tsiku lomwelo. Kamwana ka zaka zitatu, alongo, kanalephera ngakhale kunena kuti ababa.

Koma mukudziwa kuti ku Lobi kuja ine ndine mkamwini chabe. Apongozi akuti ndi tsempho, ati ndayenda ndi mkazi wina kuno ndiye mwana akudwalira zimenezo, ndipo jakisoni angomumaliza. Alamu anga a Vinsenti, eni mbumba, agamula kuti Faith sachoka pakhomo mpaka ine nditavomera kuti amupangire mankhwala ake. Ndakana, ndalumbira, iwo akungoti mwamuna ndani anavomerapo. Amake Faith akungolira, sangatsutsane ndi amayi awo.

Pempho langa ndi limodzi. A Vinsenti akuti zapafoni sazimva, akufuna munthu wakwathu akanene pamaso pawo. Chonde siyani zonse mupite lero. Mukawauze kuti ndavomera. Achite mwambo wawowo msanga, kenaka mumubereke nokha, mukwere naye njinga yamoto mpaka kuchipatala. Akati mawa, inu mukakane.

Inu munandilera, mukundidziwa. Zaka ziwiri zonsezi sindinagwirepo ngakhale dzanja la mkazi kuno. Komabe amake Faith musakawanong'oneze zoona zake, nkhope yawo siibisa kanthu ndipo apongozi angazindikire. Alire, andide. Mwana akachira ndidzayesa kuwafotokozera, kaya adzandikhulupirira kaya ayi. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, koma ndili kuno manja ali lende, china chochita ndilibe.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze, angathamange magazi. Moni kwa alamu a Alufeo, kwa amalume ku Linthipe ndi kwa ana onse.

Mukafika kuchipatala mundiimbire. Musavutike kuyankhula, mungoika foni pafupi ndi pakamwa pake ndimumve akupuma.

Ndatha ine mlongo wanu,
Rafaelo